Momwe mungasankhire nokha matimu 68 a basketball ya m'makoleji a ku America komiti isanalengeze

Chaka chilichonse mwezi wa Marichi ukafika, ine ndi anzanga anayi timapikisana pa chinthu chimodzi: kulosera matimu omwe alowe mu mpikisano wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, uja wotchedwa March Madness, ndi nambala ya mphamvu zake, 1 mpaka 16, yomwe timu iliyonse ipatsidwe. Komiti ya NCAA imalengeza matimuwa tsiku lomwe amalitcha Selection Sunday, 6 koloko madzulo ku New York, pomwe kwathu kuno imakhala 12 koloko usiku. Aliyense amaponya m'ndandanda wake pa gulu lathu la WhatsApp isanakwane 11 koloko. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ndimayambira pati, ndiye nayi njira yomwe ndimatsata.

Yambani ndi kuwerenga mipando. Mu 2025 inalipo 68, koma si yonse yomwe imakhala m'manja mwa komiti. Timu yomwe yatenga chikho cha ligi yake imalowa popanda kufunsa munthu, ndipo mu 2025 mipando yotere inali 31. Yotsala 37 ndiyo yomwe komiti ya anthu 12 imagawa kwa matimu omwe sanatenge chikho koma achita bwino chaka chonse. Pa 37 imeneyi, yambiri simuvutika nayo chifukwa eni ake amadziwika Febuluwale asanathe. Mutu umawawa pa mipando isanu kapena isanu ndi umodzi yomaliza, yomwe amalimbirana matimu omwe ali mwendo wina mkati, wina kunja.

Kenako sonkhanitsani zida. Chachikulu ndi m'ndandanda wa NET, wondandalika matimu onse malinga ndi momwe akuchitira, womwe NCAA inayamba kugwiritsa ntchito mu sizoni ya 2018-19 m'malo mwa m'ndandanda wakale wa RPI. Umapezeka ulere pa tsamba la NCAA ndipo umasintha tsiku ndi tsiku. Komiti imayang'ananso miyeso ina ya mitundu iwiri. KenPom, BPI ndi Torvik imanena kuti timu ndi yamphamvu bwanji ikalowa m'bwalo mawa. KPI, SOR ndi WAB imanena kuti timu yakolola chiyani pa masewero omwe yasewera kale. Tsamba la Bart Torvik ndi laulere ndipo kwa ine limakwanira. La Ken Pomeroy, mwini KenPom, limafuna madola makumi awiri ndi chakuti pachaka mukafuna kuona zonse, ndipo mukudziwa nokha momwe kulipira ndi khadi m'madola kumavutira masiku ano. Ndinalipirapo chaka chimodzi, ndi labwino ndithu, koma musakongole ndalama chifukwa cha ilo. Muchenjerenso ndi anyamata omwe amabwera pa inibokosi kuti ali ndi m'ndandanda wotuluka mkati mwa komiti, mungotumiza kangachepe pa foni. Mnzathu wina anatumiza, ndipo chomwe analandira ndi chithunzi cha zolosera za Joe Lunardi wa ESPN zomwe aliyense amaziona osalipira.

Gawo lachitatu ndi lomwe linandigwetsa, ndiye ndichedwapo.

Mu 2024 ndinachita zomwe ambiri amachita. Ndinatsegula NET, ndinachotsa matimu omwe anatenga zikho, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka mipando itadzaza. Indiana State inali m'kati mwa matimu 30 oyamba pa NET, itapambana masewero 28. Ndinali nditawaonera kangapo usiku, wosewera wawo Robbie Avila akugawa mpira ngati ali ndi maso kumsana, ndipo nditaona kuti agonja kwa Drake mu fainolo ya ligi ya Missouri Valley sindinade nkhawa. Ndinawalemba ndi bolopeni, osati pensulo. Usiku wolengeza, foni ili pa pawabanki, ndinadikira dzina lawo chigawo ndi chigawo mpaka chomaliza. Silinatuluke. Virginia, yomwe NET yake inali kupitirira 50, inalowa.

Zinanditengera sabata kuti ndimvetse pomwe ndinasokonezera. Komiti sitenga NET ngati mzere wolandirira chimanga, woti woyamba pamzere ayambe kulandira. Ntchito yaikulu ya NET ndi kuyeza omwe mwasewera nawo. Funso lomwe amafunsa pa timu iliyonse ndi lakuti: mwagonjetsa ndani, ndipo munamugonjetsera kuti? Masewero onse amawagawa m'magulu anayi. Gulu loyamba, Quad 1, ndi masewero a pakhomo ndi timu ya nambala 1 mpaka 30 pa NET, a pa bwalo lopanda mwini ndi timu ya 1 mpaka 50, ndi a koyenda ndi timu ya 1 mpaka 75. Quad 2 ndi 31 mpaka 75 pakhomo, 51 mpaka 100 pa bwalo lopanda mwini, 76 mpaka 135 koyenda. Quad 3 imafika 160 pakhomo, 200 pa bwalo lopanda mwini ndi 240 koyenda. Zotsala zonse ndi Quad 4.

Taonani bwino manambalawo. Kugonjetsa timu ya nambala 70 kwawo kuli m'gulu lapamwamba kuposa kugonjetsa timu ya nambala 35 kwanu. Aliyense amene anaonapo momwe ana a sukulu amasokosera m'mabwalo aja, atapenta nkhope, akulira m'makutu mwa mlendo woponya mpira, amvetsa chifukwa chake. Indiana State inali ndi zipambano zambiri koma za Quad 1 zinali zosowa, chifukwa ligi yawo siwapatsa mipata yambiri yokumana ndi zimphona. Ine mpaka lero ndimaona kuti anayenera kulowa, ndipo anakafika mu fainolo ya NIT, mpikisano wa matimu omwe asiyidwa, komwe anagonja movutikira kwa Seton Hall. Koma ntchito yathu pano ndi kulosera zomwe komiti ichite, osati zomwe mtima wathu ukufuna. Zitsanzo zinalipo kale, ine ndiye sindinaziwerenge: NC State inasiyidwa mu 2019 ili pa nambala 33, pomwe Rutgers inalowa mu 2022 ili pa nambala 77.

Chomwe ndimachita tsopano ndi ichi. Ndimatenga kope la masamu lija la mizere ya timabokosi, timu iliyonse mzere wake. Ndimalemba zipambano ndi zigonjetso za Quad 1, kenako za Quad 2, kenako ndimazunguliza ndi chofiira kugonja kulikonse kwa Quad 3 ndi Quad 4, chifukwa amenewo ndi mabala omwe komiti imawaona msanga. Pamapeto pa mzere ndimalemba WAB, yomwe imawerenga kuti timu yapambana masewero angati kuposa omwe timu ya pamalire ikanapambana itasewera ndi adani omwewo. Komiti inayamba kuiika pa mapepala ake mu sizoni ya 2024-25, ndipo pa funso loti alowe kapena asalowe ndimaikhulupirira kuposa NET. Lembani ndi pensulo. Timu yomwe munaigonjetsa pakhomo ili pa nambala 30 ikatsika kufika 31, chipambano chanucho chachoka ku Quad 1 kupita ku Quad 2 inu muli mtulo. Ndimawerenganso kope lonse Loweruka m'mawa, ndipo chofufutira chimatha.

Ngakhale mutatero, komiti ndi anthu. Mu 2025 North Carolina inalowa itapambana sewero limodzi lokha mwa masewero 13 a Quad 1, pomwe West Virginia yomwe inali ndi zipambano 6 za Quad 1 inasiyidwa. Wapampando wa komiti chaka chimenecho anali Bubba Cunningham, mkulu wa zamasewero ku North Carolina komweko. Lamulo limati munthu atuluke m'chipinda akamakambirana za sukulu yake, koma phokoso linakula mpaka bwanamkubwa wa West Virginia analankhulapo. Apo tonse asanu tinaphonya.

Nkhani ya West Virginia ikutifikitsa pa gawo lachinayi, la ovulala. Chimodzi mwa zifukwa zomwe zinaperekedwa chinali kuvulala kwa wosewera wawo Tucker DeVries. Izi si zachilendo: mu 2000 Cincinnati inali timu yoopsa m'dziko lonselo, wosewera wawo Kenyon Martin anathyoka mwendo mpikisano utatsala pang'ono, ndipo timuyo inapatsidwa nambala 2 m'malo mwa 1. Fufuzani kuti ndani sakusewera ndipo abwerera liti. Onaninso omwe timu inasankha kusewera nawo mu Novembala ndi Disembala, ligi isanayambe. NC State ya 2019 ija inadzaza miyezi imeneyi ndi matimu ofooka, ndipo zinawatsata.

Chachisanu, musatseke m'ndandanda masewero a zikho za maligi asanathe. Timu yomwe sikanalowa ikatenga chikho, imalanda mpando wa wina. Mu 2024 NC State inapambana masewero asanu m'masiku asanu n'kutenga chikho cha ligi ya ACC, Oregon inatenga cha Pac-12, Duquesne inatenga cha Atlantic 10, ndipo mipando ya a pamalire inkasungunuka timaona. Ichi chinapwetekanso Indiana State. Khalani ndi mayina anayi omaliza omwe mungawachotse limodzilimodzi. Masewero amenewa amachitika usiku kwathu kuno, ndiye gulani bandulo ya usiku, imatsika mtengo, ndipo simufunika kuonera kanema, zotsatira zokha zikwanira.

Mukapeza 68 anuwo, andandalikeni kuyambira 1 mpaka 68. Anayi oyamba ndi a nambala 1, anayi otsatira a nambala 2, choncho mpaka 16. Apa ndi pomwe KenPom ndi Torvik zimalemera kwambiri, makamaka matimu awiri akafanana zipambano. Anayi omaliza mwa osankhidwa ndi komiti, ndi anayi otsika kwambiri mwa otenga zikho, amayamba akasewera ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, mu ndime yotchedwa First Four, kuti matimu atsale 64. A nambala 16 musawalembe mwaulesi, awiri mwa iwo anagonjetsapo a nambala 1: UMBC inagonjetsa Virginia mu 2018 ndipo Fairleigh Dickinson inagonjetsa Purdue mu 2023.

Chotsala ndi kuwagawa m'zigawo zinayi, East, West, South ndi Midwest. Matimu apamwamba amaikidwa pafupi ndi kwawo. Matimu anayi oyamba a ligi imodzi, akakhala pa nambala 1 mpaka 4, amapita zigawo zosiyana, ndipo omwe akumana kale katatu chaka chimenecho sayenera kukumananso fainolo ya chigawo isanafike. Mu 2025 ligi ya SEC inalowetsa matimu 14, ndiye pa kope langa mivi inachuluka kuposa mayina. BYU siisewera Lamlungu, iikeni komwe masewero ali Lachinayi ndi Loweruka. Ife pa gulu lathu zigawo sitiziwerengera mapointi, timapereka atatu pa timu yomwe mwailosera kuti ilowa ndi awiri owonjezera mukalondola nambala yake. Musanatumize, tsegulani Bracket Matrix, tsamba losonkhanitsa zolosera za anthu ambiri, muone pomwe mwasiyana ndi olosera ena, ndipo pomwe mwasiyana nawo bwererani ku kope mukawerengenso mzere wa timuyo.