Wilo yanu ikadali yolondola? Zoti muonenso ngati mukukhala kunja kwa Malawi

Wilo imalankhula za moyo wanu momwe unalili tsiku lomwe munasayina. Siidziwa kuti chaka chatha munalowa m'banja, kuti kwabadwa mwana wina, kuti poloti ya ku Area 49 ija munagulitsa, kapena kuti achimwene amene munawasankha kuti adzayendetse chuma chanu anatisiya. Kwa munthu wokhala kunja nkhaniyi imakula, chifukwa chuma chake chili m'maiko awiri, ndipo dziko lililonse limaiwerenga wiloyo ndi lamulo lake. N'chifukwa chake timalangiza kuti muziitulutsa n'kuiwerenga modekha zaka zitatu zilizonse, komanso nthawi iliyonse pakachitika ukwati, kutha kwa banja, kubadwa kwa mwana, maliro a munthu wotchulidwamo, kugula kapena kugulitsa malo, kusintha ntchito, ngakhalenso kusamukira dziko lina.

Ukwati ndi kutha kwa banja

Apa ndi pomwe ambiri amagwa osadziwa. Ku England ndi ku Wales, lamulo la Wills Act la 1837 limati ukwati umafafaniza wilo yomwe munalemba musanakwatire, pokhapokha ngati wiloyo ikunena poyera kuti munailemba mukuyembekezera kukwatirana ndi munthu ameneyo. Ku Ireland n'chimodzimodzi, malinga ndi Succession Act ya 1965. Tiyerekeze mayi amene wakhazikika ku Leeds, analemba wilo yosiyira ana ake awiri a banja loyamba ndalama zake zonse za ku banki, kenako n'kukwatiwanso. Tsiku la ukwatilo wilo ija inafa, ngakhale pepala lake likadali mu envulopu yake m'kabati. Akamwalira asanalembe ina, mwamuna watsopanoyo amatenga katundu wa m'nyumba, £322,000 yoyamba, ndi theka la zotsala. Ngati chuma chonse sichifika pamenepo, ana aja sapeza kanthu.

Ku South Africa ndi ku Scotland ukwati sufafaniza wilo. Kumeneko ngozi ndi ina: wilo yakale imakhalabe ndi mphamvu, koma mkazi kapena mwamuna watsopano mulibemo.

Banja likatha, malamulo amasiyananso. Ku England khoti likapereka chigamulo chomaliza chothetsa ukwati, amene munasiyana naye amatengedwa ngati anamwalira inu musanamwalire, choncho salandira zomwe munamulembera. Koma kungopatukana nyumba sikusintha kalikonse. Ku Joni, gawo 2B la Wills Act ya 1953 limakupatsani miyezi itatu yokha. Mukamwalira miyezi itatuyo isanathe, mnzanu wakaleyo salandira. Ikangodutsa musanasinthe wilo, lamulo limati munafuna kuti alandirebe. Ku Ireland chisudzulo sichifafaniza wilo n'komwe.

Palinso nkhani yomwe ambiri sakonda kuikamba, koma tiyenera kuinena. Alipo amene anasiya banja kumudzi, lomangidwa ndi ankhoswe, ndipo kunjaku akukhala ndi wina. Lamulo la ku Malawi la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 limavomereza ukwati wa ku boma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, komanso wodziwika chifukwa chokhalira limodzi nthawi yaitali. Ngati ukwati wa kumudzi sunathe mwa dongosolo, munthu ameneyo akadali mkazi wanu kapena mwamuna wanu pamaso pa lamulo, ngakhale patha zaka khumi musanaonane. Pomwe amene mukukhala naye ku England popanda ukwati salandira kanthu mukamwalira opanda wilo. Mulembeni aliyense ndi dzina lake lonse ndi gawo lake. Kumusiya mwadala mkazi kapena mwana sikutseka nkhani, chifukwa ku Malawi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imapatsa khoti mphamvu yomupatulira gawo wa m'banja amene sanasamalidwe mokwanira mu wilo.

Ana

Yang'anani mawu omwe munagwiritsa ntchito. Ngati munatchula ana awiri ndi maina awo, wachitatu wobadwa pambuyo pake akhoza kutsala. Mawu oti "ana anga onse amene adzakhale ali moyo pa tsiku la imfa yanga" amamuphatikiza. Mwana wobadwa kunja kwa banja ndi mwana ndithu pa lamulo la ku Malawi, ndipo kumutchula nokha kumamupulumutsa ku mavuto odzatsimikizira achibale kuti ndi wanu inu mutapita.

Mwana wosakwana zaka 18 sangagwire chuma m'manja mwake. Ku South Africa, ngati wilo sinakhazikitse matrasti (anthu osankhidwa kuyang'anira chuma cha wina) oti amusungire, ndalama zake zimapita ku Guardian's Fund, thumba la boma losunga ndalama za ana otere, ndipo womulera amayenera kumapempha ndi mafomu nthawi iliyonse akafuna fizi kapena zovala. Ganizirani womulera amene akukhala ku Mzimba kapena ku Mangochi akuyendetsa zimenezo patali. Tchulani matrasti awiri, nenani kuti ndalamazo ndi za sukulu, chipatala ndi chakudya, ndipo ikani msinkhu womwe mwanayo adzalandire zotsala, kaya 21 kaya 25. Onaninso amene munamusankha kuti adzalere ana. Agogo amene anali amphamvu zaka zisanu ndi zitatu zapitazo mwina lero sangathe, ndipo mwana amene wakulira ku Dublin, sukulu yake ndi anzake zili komweko, si wongomukweza ndege popanda kukambirana.

Chuma chomwe wilo siichikhudza

Kwa ambiri ogwira ntchito kunja, ndalama zochuluka zomwe zidzatuluke akamwalira si za mu akaunti ayi, koma za penshoni, inshulansi ya moyo, ndi chipukuta misozi cha kuntchito. Zimenezi nthawi zambiri sizidutsa mu wilo. Zimatsata fomu ija munalemba mofulumira sabata yoyamba pa ntchito, mwina mukadali mbeta, n'kulembapo dzina la malemu bambo anu kapena la chibwenzi chakale.

Ku South Africa, gawo 37C la Pension Funds Act limapereka mphamvu kwa matrasti a thumba la penshoni kuti afufuze onse amene ankadalira inu, n'kugawa momwe akuonera kuti n'koyenera. Fomu yanu imangowatsogolera, ndipo kafukufukuyo akhoza kutenga miyezi 12. Matrasti a ku Johannesburg sangawadziwe amayi anu a ku Ntcheu ngati simunawalembe. Lembani dzina lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya chiphasocho, nambala ya foni, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Sunganinso malisiti a Mukuru kapena njira ina iliyonse yomwe mumatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, chifukwa ndiwo umboni woti munthuyo ankadyera m'manja mwanu. Ku UK fomu yake imatchedwa expression of wish, ndipo penshoni ya ntchito iliyonse yomwe munagwirapo ili ndi yakeyake. Ku America, ndalama za penshoni ya kuntchito yotchedwa 401(k) zimapita kwa mkazi kapena mwamuna wanu pokhapokha iye atasayina kuvomereza kuti zipite kwa wina. Musaiwale penshoni yomwe munaisiya ku Malawi musananyamuke. Nayonso ili ndi fomu ya olandira.

Nyumba ili m'dzina la ndani?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse, ndipo tikupemphani kuti muliyankhe ndi mapepala m'manja, osati ndi zomwe mukukumbukira. Wilo imagawa zokhazo zomwe zili m'dzina lanu. Ambiri anatumiza ndalama kwa mlongo wawo kapena kwa amalume kuti awagulire poloti, ndipo popeza iwo kunalibe, pepala la mgwirizano linalembedwa m'dzina la wogula uja. Nyumba inamangidwa, malata anakhomedwa, alendi analowa, koma ku Unduna wa za Malo, ku khonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation dzina lanu kulibe. Mlongo wanuyo akhoza kukhala wokhulupirika mpaka imfa. Koma iye akatsogola, nyumbayo imawerengedwa ngati chuma chake cha masiye, ndipo olandira ndi mwamuna wake ndi ana ake. Palibe amene waba. Mapepala ndiwo alankhula.

Pemphani kuti akujambulireni pa foni pepala lililonse: mgwirizano wogulitsana, kalata yokupatsani malo, lizi kapena title deed, malisiti a msonkho wa malo. Onani dzina ndi nambala ya poloti. Ngati si lanu, yambani kusintha umwini nonse mukadali moyo, ndipo podikira, lemberanani kalata pamaso pa loya yonena kuti malowo akukusungirani chabe. Malo a kwa amfumu amafuna chisamaliro chapadera. Ngati ndi a mbumba yonse, simungawagawe mu wilo ngati anu, ndipo nyumba yomangidwa pa malo a kuchikamwini kapena a makolo a mwamuna ndi yomwe imabala mikangano yambiri. Customary Land Act ya 2016 inatsegula njira yolembetsa malo oterewa m'dzina la munthu kapena la banja. Chitaninso chimodzimodzi ndi blue book ya minibasi, akaunti ya bizinesi, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe lendi imalowera.

Dziwaninso kuti power of attorney (kalata yopatsa wina mphamvu yochita zinthu m'malo mwanu) yomwe munapatsa m'bale wanu imatha mphamvu nthawi yomwe mwamwalira. Kuyambira pamenepo woyenera kugwira chumacho ndi yekhayo amene wapatsidwa chilolezo ndi khoti. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011 lija, koma mayi wamasiye amene ali ku Cape Town, wopanda pepala lililonse la nyumbayo, amavutika kuuyamba mlanduwo.

Mphatso zomwe zinasungunuka

Mukalemba kuti "galimoto yanga ipite kwa mwana wanga wamkulu" kenako n'kuigulitsa, mphatsoyo yatha, ndipo mwanayo sapatsidwa ndalama m'malo mwake. Ndalama zotchulidwa ndi nambala zimasungunukanso. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. K5 miliyoni yomwe munalembera amayi mu 2020 sigulanso zomwe munkaganiza. Gawani ndi magawo, monga 20 pa 100 ya chuma chonse, ndipo pasalephere chiganizo chonena za komwe zotsala zonse zipite, ndi amene alandire ngati woyambayo wamwalira inu musanamwalire.

Wilo imodzi kapena awiri

Malo ndi nyumba zimatsata lamulo la dziko lomwe zili, pomwe ndalama ndi katundu wosunthika nthawi zambiri zimatsata lamulo la dziko lomwe munakhazikika. N'chifukwa chake kwa amene ali ndi nyumba ku Malawi ndi chuma china kunja, mawilo awiri amafulumizitsa zinthu, popeza mbali iliyonse imayamba ntchito osadikira mapepala a khoti la kwina. Koma pali msampha. Pafupifupi wilo iliyonse imayamba ndi mawu oti "ndikufafaniza mawilo onse omwe ndinalemba kale". Mukalemba ya ku Malawi chaka chino, chaka chamawa n'kulemba ya ku London yokhala ndi chiganizo chimenecho, ya ku Malawi ija yafa. Iliyonse inene kuti ikukhudza chuma cha m'dziko lakutilakuti lokha, ndipo loya aliyense aone kope la inayo.

Amene mwakhalitsa ku UK, funsani za msonkho. Kuyambira pa 6 April 2025, munthu amene wakhala kumeneko zaka 10 mwa zaka 20 zapitazi amawerengeredwa chuma chake cha dziko lililonse, kuphatikizapo cha ku Malawi, ndipo msonkhowo ndi 40 peresenti pa zomwe zapitirira £325,000, kupatula zomwe lamulo limakhululukira.

Kasinthidwe kake

Musakhwatche ndi cholembera kapena kulemba m'mphepete mwa wilo yosayinidwa kale. Kusintha kotere khoti limakukana ngati sikunasayinidwe pamaso pa mboni. Kusintha kochepa, monga dzina la executor (munthu wodzayendetsa chuma chanu mukamwalira), kumatheka ndi kapepala kowonjezera kotchedwa codicil, komwe kamasayinidwa ngati wilo yeniyeni. Koma kapepala kamatha kusowa, choncho ngati zosintha zaposa chimodzi, lembani wilo yatsopano.

Sayinani pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, ndipo nazo zisayine inu mukuona. Ku South Africa sayinani tsamba lililonse, ndipo mboni ikhale ya zaka 14 kapena kuposa. Mboni isakhale munthu wolandira nawo chumacho, kapena mkazi kapena mwamuna wa wolandira, chifukwa ku England ndi ku South Africa zimenezo zimamutayitsa gawo lake. Anzanu a kuntchito kapena a kumpingo ndi abwino. Ikani deti. Musachotse mawaya omangira masamba pofuna kujambula, chifukwa timabowo totsalato timachititsa khoti kukayikira kuti tsamba lina linachotsedwa. Yatsopano ikasayinidwa, ng'ambani yakale pamodzi ndi makope ake.

Executor akhale munthu wokhala m'dziko lomwe chumacho chili, wodziwa kuyenda m'maofesi, ndipo mutchulenso wina wolowa m'malo mwake. Ku South Africa imfa imayenera kunenedwa kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, pasanathe masiku 14, ndipo malipiro a executor amatha kufika 3.5 peresenti ya chuma chonse, choncho ngati mwasankha banki, kambiranani mtengo mukadali moyo. Mufunseni munthuyo ngati akuvomerabe, ndipo mumuuze komwe pepala lenileni lili, chifukwa khoti limafuna lomwe munasayina ndi dzanja, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

Zofuna zanu za maliro musazibise mu wilo mokha, chifukwa nthawi zambiri imatsegulidwa mwambo utatha. Lembani kalata yapadera yonena ngati mukufuna kukaikidwa kumudzi kapena komwe muliko, dzina la kampani ya inshulansi ya maliro ndi nambala ya polise, ngati imalipira kunyamula thupi kupita ku Malawi, ndi gulu la Amalawi lomwe mumasonkhako. M'kalata yomweyo ikani mndandanda wa mabanki, mapenshoni, ngongole zomwe muli nazo ndi zomwe ena ali nazo kwa inu, komanso komwe pasipoti ndi mapepala a malo zili. Manambala achinsinsi musawalembe mu wilo, popeza ikadutsa ku khoti anthu ena amatha kuiwerenga. Google, Apple ndi Facebook ali ndi malo osankhirapo munthu wodzatsegula kapena kutseka akaunti yanu. Kalatayi siifuna mboni, choncho muziisintha chaka chilichonse, muikepo deti, ndipo kope limodzi likhale ndi munthu wa kunja komwe muliko, lina ndi munthu wa kumudzi.