Kagalimoto ka dizilo kakamatentha injini, yambirani apa

Singano ya temperecha ikayamba kukwera musangofika kugalaja nkunena kuti "bwana ikutentha" basi, chifukwa amakaniko ambiri yankho lawo ndi limodzi, gasiketi (yomata pakati pa hedi ndi thupi la injini) yapsa, ndiye mupezeka mwatsegulitsa injini pomwe vuto linali kapu ya rediyeta. Yambani mwaona kuti ikumatentha nthawi yanji. Pa jamu mutangoima? Pachitunda ngati cha Chiweta kapena pokwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre? Kapena mukangoyenda mphindi 10 paliponse? Yankho lakelo ndi lomwe likuuzeni poyambira.

Koma ikakutentherani panjira, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto ndi fani yake yomwe, mawindo tsegulani. Mutuluka thukuta inde koma hitayo imakoka kutentha kwa injini. Pezani poima, ngati kuboneti kukutuluka nthunzi zimitsani pompo. Kapu ya rediyeta osaigwira! Madzi amenewo ali pa presha ndipo apitirira madigiri 100, mukangopotokola akuthovokerani kumaso. Dikirani mphindi 30 kapena kuposa mpaka hosi yakumtunda ifewe, kenako ikani chinsanza pakapupo nkumatsegula pang'onopang'ono. Komanso osathira madzi ozizira mu injini yoti ikadali moto, hedi (chigawo cha pamwamba cha injini) imapindika kapena kung'aluka, makamaka ma injini a 2C ndi 3C a Toyota aja a m'ma Corolla ndi Townace akale, amenewo sachedwa.

Injini itazizira suzumirani mu rediyeta mwenimwenimo osangodalira kabotolo kapambali, kamatha kukhala kodzadza rediyeta ili gwa. Ngati madzi akuchepa ndiye kuti penapake akutuluka. Yang'anani zoyerayera kapena zapinki zouma m'mphepete mwa ma hosi, pamsoko pomwe pulasitiki ya rediyeta yakumana ndi chitsulo, ndi pansi pa wota pampu pomwe pali kabowo kamene kamadontha ikayamba kutha. Kapeti ikamanyowa kutsogolo mwina ndi hita yabooka. Kapu nayo muitembenuze muone labala wake, akakhala wong'aluka kapena wouma gulani ina ya nambala yomweyo, pamwamba pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Kapu yotha siyisunga presha ndiye madzi amawira msanga nkumathawira m'kabotolo.

Ngati imatentha pa jamu koma mukayamba kuthamanga singano nkutsika, ameneyo ndi fani. Lizani injini muyatse AC, pamagalimoto ambiri fani imayenera kuzungulira nthawi yomweyo. Ikakhala zii onani fyuzi, kenako rileyi, mutha kusinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'bokosi momwemo ngati ya hutala. Zikakanika lumikizani fani ku batire ndi mawaya awiri, ikazungulira ndiye kuti mota ili bwino vuto ndi sensa kapena waya, ikapanda kuzungulira mota yapsa. Zomangira fani dairekiti zija nzongofikira nazo kunyumba, osati mpaka kalekale.

Ikamatentha pachitunda kapena mukaponda moto pamsewu waukulu, ganizirani rediyeta. Kunja imatsekeka ndi fumbi, udzu ndi tizilombo, makamaka pakati pa iyo ndi kondensa ya AC pomwe maso safika, tsukani ndi paipi kuchokera mbali ya injini madzi ake asakhale amphamvu kwambiri angapinde timapepala tija. Mkati ndiye mlandu ndi wathu womwe, madzi a pamjigo ndi a pampopi timangothirawa amasiya mchere ndi dzimbiri mpaka timachubu kutsekeka. Injini ikatentha izimitseni, chotsani kiyi, dikirani fani iime, ndiye yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta, mukapeza malo ena ozizira pakati pa motentha ndiye kuti pamenepo madzi sakudutsa. Ya pulasitiki yoti yakalamba kuli bwino kungogula ina kusiyana nkumangotsukitsa. Onaninso eya fyuluta, komanso kayendetsedwe kanu, kukwera phiri pa giya 4 galimoto itadzadza matumba utsi wakuda uli tolo kumatenthetsa dizilo ngakhale zonse zili bwino, bwererani pa 3 kapena 2.

Yotentha msangamsanga paliponse nthawi zambiri ndi themositati, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha, yakanirira chotseka, mupeza hosi imodzi ili moto inayo ili yozizira. Ichotseni muiponye m'poto wa madzi pambaula, iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, pa nambala yomwe yalembedwa pathupi pake, zambiri ndi madigiri 82. Ikapanda kutseguka gulani ina muike. Ndikuti muike, chifukwa pali kachizolowezi koti ingotayidwa ati ndi ya kozizira ku Japan kuno sifunika. Ine zimenezo ndimakana. Dizilo yoyenda yozizira imamwa mafuta, imadzadza mwaye mkati ndipo imatha msanga, ndiye ngati ndi zatsopanozi monga Mazda Demio ya SkyActiv-D yokhala ndi DPF (sefa yogwira mwaye mu ekizozi) mukungoitana mavuto ena. Komanso pa injini zambiri themositati ikatseguka imatseka kanjira kachidule ka madzi, ikachoka madzi ena amangozungulira mu injini osapita ku rediyeta nkomwe, kutentha kuja nkubweranso.

Wota pampu imadziwika ndi kudontha, kulira kwa bering'i, kapena hita kutulutsa mphepo yozizira injini ili moto madzi alimo odzadza. Pa 2C ndi ma injini ambiri a TDI a VW imayendetsedwa ndi taiming'i beluti, ndiye posintha sinthirani limodzi mulipire leba kamodzi.

Gasiketi ndi yomaliza kuiganizira. M'mawa injini isanalire tsegulani kapu, dzadzani madzi, lizani. Thovu likamangotuluka osaleka, kapena mutatseka kapu hosi nkulimba gwa pamphindi ziwiri zokha injini isanatenthe, ndiye kuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi. Ena amadikira kuti oyilo asanduke ngati tiyi wamkaka, koma dizilo kompuresheni yake ndi yaikulu, gasiketi imatha kupsa oyilo ali bwinobwino. Dziwaninso kuti oyilo kula (yoziziritsa oyilo) yobooka imasakaniza oyilo ndi madzi, ndipo EGR kula (yoziziritsa utsi wobwerera mu injini) ikabooka imamwetsa madzi nkumatulutsa utsi woyera, zonsezi gasiketi ili yabwino. Choncho asanamasule hedi auzeni ayeze kaye ndi kamankhwala ka buluu kaja kamene kamasintha mtundu kakakumana ndi mpweya wa ekizozi. Ikapezekadi yapsa, hedi ipite kukayezedwa ngati yapindika kapena kung'aluka, ndipo pomanga agwiritse toki renchi osati kungoyerekeza ndi mkono.

Mukakonza chilichonse mwa izi thirani kulanti, wosakaniza kale kapena theka kulanti theka madzi a distilled (opanda mchere), osasakaniza mitundu. Imikani galimoto mutu uli kumtunda, hita pa hot, kapu yotsegula, injini izilira mukuonjezera madzi mpaka thovu lithe, mpweya ukatsalira mkati itenthanso. Tsekani kapu, dikirani fani idzuke, yendaniko pang'ono, mawa lake m'mawa muonenso levulo. Kulanti wakale musamusiye m'beseni pabwalo, ndi wotsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu.