Momwe mungakonzere tsiku la nkhani za akatswiri ndi magule pa malo a kafukufuku ku Dedza

Malo ambiri a kafukufuku kuno kwathu anthu amangowadziwira pa mpanda ndi chikwangwani. Aliyense amadziwa kuti ku Bembeke kuli siteshoni yoyesera mbewu ndiponso kuti ku Chongoni kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire, koma mukafunsa woyandikana nawo kuti m'katimo mumachitika zotani, amangoti ndi za aboma. Njira yomwe ine ndaiona ikugwira ntchito ndi kupatula tsiku limodzi loti akatswiri afotokoze pagulu zomwe apeza, masana kukhale magule. Ndakhala m'makomiti okonza masiku otere, ndipo apa ndikulemba momwe timachitira. Za kusankha komiti ndi kulemba makalata opempha ndalama ndazidumpha, aliyense wa mu ofesi amazidziwa.

1. Mutu wa nkhani ndi olankhula

Sankhani mutu umodzi, olankhula asapitirire awiri. Mukaika anayi, wachitatu amalankhula kwa mipando, anthu ali panja kuothera dzuwa.

Ku Dedza mutu susowa. Wapafupi ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Malo ojambulidwa alipo 127, ndipo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, zija za mizere ndi timadontho, akatswiri amati ndi za Akafula, anthu osaka nyama amene analipo alimi asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zojambulidwa ndi dothi loyera, ndipo zikukhudza chinamwali, kupempha mvula, maliro ndi nyau. Zina mwa zoyerazi si zakale kwenikweni, zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumbapo pa phanga la Mwana wa Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma ana ambiri a sukulu zozungulira phirilo sanamvepo zomwe zinapezeka. Wolankhula pa mutu umenewu mungamupemphe kudzera ku nthambi ya boma yoona za malo osungira zakale ndi zipilala, kapena kuyunivesite.

Ngati malo anu ndi a zaulimi, nkhani ya mbewu ya mbatatesi ndi matenda ake imadzaza holo popanda kuitana kawiri, chifukwa alimi a ku Bembeke mpaka ku Tsangano ndiye chuma chawo. Chachikulu n'chakuti wolankhulayo akhale woti anapondapo m'munda kapena m'phangamo. Mufunseni pafoni funso limodzi losavuta. Akayankha mphindi khumi osapuma, mupatseni malire a nthawi polemba kalata.

2. Tsiku

Pewani Juni ndi Julayi. Kuzizira kwa Dedza mukukudziwa, ndipo mukagwa nkhungu anthu safika m'mawa. Pewaninso nthawi ya dzinja, aliyense ali kumunda ndipo misewu yolowera kumidzi ya m'mbali mwa Chongoni imaterera. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, anthu atakolola. Koma imeneyi ndi nyengo yomwenso midzi imakhala ndi zinamwali, ziliza ndi kulonga mafumu, ndiye funsani msanga. Onaninso kuti lisagwe pa tsiku la msika waukulu wa m'deralo, ndipo ngati mukufuna ovina ngoma ochokera ku Ntcheu, lisagundane ndi Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, chifukwa magulu abwino onse amakhala kumeneko.

3. Magule: apa ndiye pofunika kudekha

Chimtali, chisamba cha pabwalo kapena kwaya ya sukulu sizivuta. Mumakumana ndi mtsogoleri wa gulu, mumagwirizana za galimoto, chakudya ndi kangachepe, basi. Ngoma nayonso mukadzera kwa mfumu yawo imabwera bwinobwino, zishango ndi zibonga zili m'manja. Vuto lili pa gule wamkulu.

Gule wamkulu sachita kubwereka ngati bandi ya pa ukwati. Ali ndi eni ake, ndipo mwini wake ndi mfumu ya mzinda, kutanthauza mudzi wokhala ndi chilolezo chovinitsa gule, pamodzi ndi akuluakulu a kudambwe. UNESCO inamuzindikira mu 2005, zoona, ndipo chichokereni apo aliyense wokonza mwambo amafuna zilombo pa pulogalamu yake. Apa ndi pamene pabadwira madobadoba.

Chaka china kunabwera bambo wina wovala jekete, wolankhula bwino, nati ali ndi gulu lake la gule ndipo amavinitsa ngakhale ku Lilongwe. Anationetsa mavidiyo pafoni. Anapempha theka la ndalama pa Airtel Money, ati zogulira nsalu ndi phula la ng'oma, ndipo komiti inatumiza. Tsiku litafika, cha m'ma 11 koloko kunatulukira kagalimoto kotsegula kumbuyo, m'menemo muli anyamata, ndipo matumba a zovala ali poyera, nthenga zikutuluka pakamwa pa thumba lina, ana a sukulu akusuzumira. Anafunsa mlonda kuti akavalire kuti, mlonda nawalozera kuseri kwa ofesi, pafupi ndi pomwe amayi ankaphika.

A gulupu a m'deralo anali atakhala kale kutsogolo ngati alendo athu. Sanakweze mawu. Anangokodola wapampando wa komiti n'kufunsa motsitsa kuti, "Bambo, zilombo izi zachokera mzinda wa yani?" Wapampando anati sakudziwa. Iwo anati, "Ndiye pa nthaka ino sizivina." Ananyamuka ndi nduna zawo, ndipo anthu a m'midzi mwawo, omwe anali oposa theka la omvera, anawatsatira mmodzimmodzi. Katswiri wathu wachiwiri analankhula kwa ogwira ntchito okhaokha. Bambo wa jekete uja foni yake inali itazima kale.

Ndiye njira yake ndi iyi. Kutatsala mwezi ndi theka, pitani nokha kwa nyakwawa ya mudzi womwe malo anu ali. Osatuma kalata, osaimba foni. Tengani munthu wa pa ntchito panu amene ndi wa komweko, ndipo ngati ndi wolowa gule ndiye bwino koposa, chifukwa pali zina zomwe akuluakulu sangakambe inu muli pomwepo. Mukafika perekani ulemu monga mwa mwambo, fotokozani za tsikulo, kenaka pemphani kuti mfumu ikuthandizeni. Musanene kuti mwabwera kudzachita hayala gule. Nenani kuti, "Mfumu, tili ndi alendo pa malo anu aja, ndiye timati ngati kungatheke mudzatisangalatsire." M'manja musapite chabe, koma kuchuluka kwake mufunse wa komweko uja, chifukwa midzi imasiyana.

Nyakwawa ndi imene idzakuuzeni ngati nkhaniyo ikuyenera kukwera kwa a gulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Ikavomera, idzakulumikizani ndi atsabwalo, akuluakulu oyang'anira bwalo la gule, ndipo amenewa ndi omwe mukambirane nawo zinthu zenizeni. Abwere adzaone malo tsiku lisanafike. Adzasankha okha pomwe pakhale bwalo ndi pomwe pakhale liunde, malo obisika omwe zilombo zimafikira zisanatulukire. Kawirikawiri amafuna kathengo kapena mitengo yowirira kumbali komwe kulibe njira ya anthu. Ngati palibe, adzakuuzani kuti mugule udzu ndi nsungwi amange mpanda. Gulani, musatsutse. Akamanga, uzani alonda ndi ogwira ntchito onse, kuyambira bwana wamkulu, kuti kumeneko sikupita munthu, ngakhale wojambula amene wabwera ndi kamera yodula.

Bwalo likhale la dothi. Pa simenti kapena pa kapinga wothirira gule sakoma, fumbi ndi mbali ya kavinidwe. Konzani nkhuni pang'ono pambali zoti oimba ng'oma aziwambira, chifukwa mbalule, ng'oma yotsogolera gule, ikazizira mawu ake amafa, ndipo ku Dedza imazizira msanga. Musaiwale amayi oimba. Anthu ambiri powerengera galimoto ndi chakudya amawerenga amuna okha, kuiwala kuti popanda amayi oyankha nyimbo ndi kuomba m'manja gule sayenda. Za mayendedwe a zilombo musalowererepo. Atsabwalo adzanena nthawi yomwe akufuna galimoto ndi pomwe iime, inu mungouza dalaivala kuti amvere.

Funsaninso kuti kubwera zilombo zanji. Pa mwambo wa masana wokhala ndi ana ndi alendo, akuluakulu amadziwa okha zoyenera. Musaumirire kuti mukufuna kasiyamaliro kapena njovu chifukwa mlendo wina anaziona m'buku. Zimenezo zili ndi nthawi yake ndi zifukwa zake, ndipo kuumirira kumangoonetsa kuti simukudziwa chomwe mukupempha.

Ndalama perekani pamaso pa mfumu ndi atsabwalo, wina asaine. Akawunti wanu adzafuna lisiti, ndiye pitani ndi kapepala kolemberatu. Ndipo gwirizanani chimodzi poyera: m'mudzimo mukagwa maliro, gule sabwera. Izi sizikambirana. Khalani ndi gulu la chimtali kapena la ngoma lomwe lingatalikitse nthawi yake.

4. Zomwe katswiri adzanene ndi kuonetsa

Izi zikugwirizana ndi za pamwambazi. Ngati mutu ndi zojambula zoyera za ku Chongoni, wolankhula akuyenda m'malire a zinsinsi za chinamwali ndi nyau, pamaso pa ana, apongozi ndi anamkungwi. Mupempheni atumize zithunzi zake kutatsala sabata, ndipo mukhale pansi ndi mkulu mmodzi wa kudambwe ndi namkungwi mmodzi muziona limodzi. Chomwe anena kuti ichi ayi, chichotseni. Katswiri weniweni sakwiya nazo. Amene akufuna kuona momwe nkhani zotere amazifotokozera poyera akayendere nyumba ya Chamare ku Mua, pa malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976. Kuchokera ku Dedza mumatsikira msewu wa Golomoti, ndipo komiti yonse itapitako tsiku limodzi siingataye ndalama pachabe.

Nkhani ikambidwe m'Chichewa. Ngati katswiri sangathe, pezani womasulira ndipo muwakumanitse dzulo lake. Mphunzitsi wa sekondale kapena mlangizi wa zaulimi amachita bwino kuposa munthu wongodziwa Chingerezi chambiri, chifukwa anazolowera kufotokozera anthu. Kumbukirani kuti kumasulira kumawirikiza nthawi, ndiye nkhani ya mphindi 40 iduleni ikhale 20. Siyani mpata waukulu wa mafunso, ndipo funso loyamba lipite kwa mafumu. Nthawi zambiri agogo ena amaimirira n'kutchula phanga lomwe katswiriyo sanalimvepo, choncho pakhale wina wolemba.

5. Zokuzira mawu, jenereta ndi mipando

Obwereketsa zokuzira mawu alipo ambiri pa boma. Musakhulupirire zomwe akuonetsani m'shopu. Ena amaonetsa masipika atsopano n'kubweretsa ena ong'ambika. Lembani pa pepala chiwerengero cha masipika ndi maikolofoni, ndipo abwere kudzayesa dzulo lake madzulo. Mtengo wa pafoni ndi wina, wa pamaso ndi wina, ndipo akamva dzina la bungwe amauwirikiza, ndiye tumani munthu wosavala baji. Lipirani theka, lotsala akamaliza.

Jenereta ikhalepo ngakhale magetsi alipo. Mafuta gulani nokha pa filing'i siteshoni, a m'zigubu za m'mbali mwa msewu ena amasakaniza ndi palafini. Iikeni kutali ndi holo, chingwe chikhale chachitali. Pulojekita masana siioneka ngati mawindo alibe makatani. Mapepala akuda apulasitiki ndi tepi zimakwana. Mipando bwerekani kutchalitchi kapena kusukulu yapafupi, n'kotsika mtengo kuposa kwa a matenti, koma iwerengeni pamodzi ndi mwini wake potenga. Nthawi ya gule zokuzira mawu zizimitsidwe, ndipo muuzeni DJ zimenezi kawiri.

6. Chakudya

Nsima, nyemba, kabichi ndi nyama ya mbuzi. Mbatatesi ndi kabichi kagulani m'mamawa ku Bembeke kapena ku Lizulu, osati kwa amene akuti adzakubweretserani. Mbuzi gulani yamoyo. Thobwa apangeni amayi a m'mudzi womwewo, muwalipire. Mafumu adye pamalo pawo, ndipo chakudya cha a kuliunde chiperekedwe kwa atsabwalo, iwo adziwa kofikitsa.

7. Tsiku lenilenilo

Pemphero, malonje, nkhani ziwiri, mafunso, chakudya, magule. Zolankhula za alendo olemekezeka zikhale zitatu basi, apo ayi gule adzayamba dzuwa litapendeka. Sinthani ndalama zing'onozing'ono zoti alendo azisupa, ndipo muwauze kuti aziponya pansi kapena kupatsa wotsogolera chilombo, osachigwira. Wofuna kujambula apemphe kaye kwa atsabwalo. Apolisi adziwitseni ndi kalata sabata imodzi isanakwane, ofesi ya bwanamkubwa chimodzimodzi.

8. Mawa lake

Bwezani mipando, lipirani otsala, tolerani malisiti. Mpanda wa liunde musaugwetse nokha, eni ake adzabwera. Pasanathe sabata bwererani kwa mfumu kukathokoza, mutatenga zithunzi zingapo zotsukitsa ndi pepala limodzi la Chichewa lofotokoza zomwe akatswiri ananena. Lina lotere siyani kwa ahedi a sukulu zomwe zinatumiza ana. Lipoti la kwa opereka ndalama lembani sabata yomweyo musanaiwale manambala.