Mwasankhidwa kukhala mlangizi wa ana pasukulu? Yambirani apa

Ndimaphunzitsa Biology pa CDSS ina kuno ku Zomba, ndipo udindo wa uphungu anangondisanjikizira pamwamba pa mapiriyodi anga onse. Ambiri a inu, aphunzitsi anzanga, zinakuchitikiraninso chomwecho.

Yambani mwapeza malo. Mu stafu rumu mwana sangamasuke. Ine ndimakhala naye pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labu, poti anthu akutiona koma sakutimva. Aphunzitsi aamuna, gwiritsitsani pamenepa, zimakutetezaninso inu.

Musadikire kuti abwere yekha, werengani rejisitala. Mnyamata wa ku Kachulu akayamba kujomba Lolemba lililonse, mwina wayamba kugona ku Chilwa akukoka matemba. Mtsikana akamasowa masiku atatu mwezi uliwonse, mwina alibe mapadi akakhala kumwezi. Chitadutsa chimphepo cha Freddy mu Malichi 2023, ndinali ndi ana omwe ankanjenjemera mvula ikangoyamba kuwomba malata. Sanali amwano, anali ndi mantha.

Akakhala pansi, inu tsekani pakamwa. Izi n'zovuta kwa ife, poti tinazolowera kulankhula tsiku lonse. Funso loti "unachitiranji zimenezi?" limamutseka pakhosi. Ine ndimangoti, "Kunyumba kuli bwanji, mwanangu?" kenako chete, ngakhale zitenge mphindi zisanu.

Tsono pali pomwe ambiri timaterereka. Mwana amati, "Madamu, musakauze munthu." Mtima umafuna kulumbira pomwepo, koma musatero. Ndimamuyankha kuti, "Nkhani yakoyi sindikaimwaza. Koma ngati wina akukupweteka, kapena ukuganiza zodzipha, ndidzafuna ena atithandize, ndipo ndidzayamba ndakuuza iweyo." Mukalonjeza chinsinsi chonse kenako n'kukaulula, sadzabweranso, ndipo anzake a Fomu 2 onse amva kuti Madamu ndi a pakamwa. Komanso nkhani ya mwana si ndiwo yodyera nsima pa buleki.

Dziwani pomwe mphamvu zanu zathera. Mwana akagwiriridwa, musayambe ndi kuitanitsa bwalo la makolo. Thamangirani naye kuchipatala monga cha Zomba Central, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amafunika kuyambidwa maola 72 asanakwane. Nkhaniyo ikafikenso ku Victim Support Unit kupolisi ndi ku ofesi ya Social Welfare. Wokamba zodzipha musamusiye yekha. Akatswiri tili nawo pafupi ku Zomba Mental Hospital. Nambala yaulere ya 116, yomwe amayendetsa a YONECO mumzinda mwathu momwemuno, ilembeni pakhoma la kalasi iliyonse.

Za mimba zimandiwawa kwambiri. Chiyambire 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akachira, koma makolo ambiri sadziwa, ndipo amathamangira ukwati pomwe Malamulo a dziko anakhazikitsa mu 2017 kuti ukwati ndi kuyambira zaka 18. Kunyumba koteroko sindipita ndekha. Ndimatsagana ndi amayi a mother group, chifukwa iwo amadziwa polowera ndi mokambira ndi amalume a mwanayo.

Mukatha kucheza, lembani mwachidule m'kope lotsekeredwa m'kabati, tsiku ndi zomwe mwagwirizana basi. Pakatha sabata, muitaneni mwanayo pansi pa mtengo paja, mumufunse ngati zomwe munapangana zachitika.