Zimene Gough Whitlam anasiyira mlendo wofika ku Australia, ndi mmene mungazigwiritsire ntchito

Mukafika ku Sydney, ku Perth kapena ku Adelaide, dzina la Gough Whitlam simuchedwa kulimva. Achikulire ena amamutchula ndi misozi, ena amapukusa mutu. Ine ndikumutchula pano chifukwa zinthu zambiri zimene Mmalawi amazifuna m'chaka chake choyamba m'dzikoli, monga chipatala, womasulira, loya ndi chitetezo ku tsankho, zinayamba kapena zinakhwima mu zaka zitatu zokha zimene iye anali nduna yaikulu, kuyambira pa 5 December 1972 mpaka pa 11 November 1975.

Anabadwira ku Melbourne mu 1916, anali mu gulu la nkhondo la ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anakhala loya. Mu 1952 anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Werriwa, ndipo anakhala ndi mkazi wake Margaret ku Cabramatta, kunja kwa Sydney, kumene kunadzaza anthu obwera kuchokera ku Italy, Yugoslavia ndi maiko ena. Nyumba zambiri kumeneko zinalibe ngakhale mapaipi a zonyansa. Anauona yekha moyo wa obwera. Chipani chake cha Labor chinali chitakhala zaka 23 kunja kwa boma, ndiye atalowa anathamanga ngati munthu wodziwa kuti dzuwa silimudikira.

Kuyambira 1901 Australia inali ndi malamulo otchinga anthu osakhala azungu. Maboma a m'mbuyo anali atayamba kuwafewetsa, makamaka mu 1966, koma ndi boma la Whitlam limene mu 1973 linachotseratu khungu pa zinthu zoyang'ana posankha olowa m'dziko. Linakananso matimu a masewera a ku South Africa osankhidwa motsatira mtundu. Popanda khomo limeneli, ambiri a ife sitikanakhala kuno.

Tiyambe ndi chipatala, poti apa ndi pamene abale athu amapsa kwambiri. Whitlam anayambitsa Medibank, inshulansi ya boma ya zachipatala, pa 1 July 1975 kuti wodwala asamayambe wafunsidwa ndalama. Boma lotsatira la Malcolm Fraser linaiphwasula pang'onopang'ono, ndipo Bob Hawke anaibwezeretsa mu 1984 ndi dzina la Medicare. Koma Medicare si ya aliyense woponda m'dzikomo. Ndi ya nzika, ya amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndi ena amene anapempha kale chilolezocho ndipo akudikira yankho. Malawi sali pa maiko amene ali ndi mgwirizano wa zachipatala ndi Australia. Ngati munabwera pa viza ya sukulu, muyenera kukhala ndi inshulansi ya ophunzira yotchedwa OSHC nthawi yonse ya viza yanu, ndipo mayi kapena bambo wobwera kudzaona zidzukulu asakwere ndege opanda inshulansi yakeyake. Usiku umodzi m'chipatala ungamalize ndalama zimene munasunga chaka chonse.

Amene muli ndi khadi la Medicare, phunzirani mawu awiri awa: bulk billing. Kutanthauza kuti dokotala alandira malipiro ku boma ndipo inu simutulutsa kanthu. Si madokotala onse amatero, choncho funsani pa foni musanapite. Kwathu tinazolowera kuthamangira ku Queens kapena ku Central. Kuno mumayamba ndi dokotala wa pafupi, amene amamutcha GP, ndipo iye ndi amene amakulemberani kalata yopita kwa katswiri. Pa ngozi imbani 000, koma dziwani kuti Medicare silipira ambulansi. M'zigawo zambiri bilu imabwera kunyumba, ndiye fufuzani lamulo la chigawo chanu lero lomwe.

Mu 1973 boma la Whitlam linatsegula foni ya omasulira, imene masiku ano imatchedwa TIS National, nambala yake 131 450. Ambiri a ife Chingerezi timachitha, koma agogo amene mwawaitana kudzalera khanda sangafotokoze ululu wa m'chifuwa m'chilankhulo cha eni. Pemphani womasulira nthawi ikadalipo, ndipo musasandutse mwana wa zaka khumi kukhala womasulira matenda a amayi ake.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi lamulo loletsa tsankho la 1975, Racial Discrimination Act. Limaletsa kukumanani ntchito, nyumba ya lendi kapena chithandizo m'sitolo chifukwa cha khungu kapena kumene munachokera. Ife Amalawi tinaleredwa kuti mlendo sadandaula, amangoti "zikomo bwana" n'kumeza. Ulemu ndi wabwino, koma kuno kukhala chete kumamveka ngati kuvomera. Zikakuchitikirani, lembani tsiku, nthawi, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene analipo, ndipo sungani mameseji. Dandaulo limapita ku Australian Human Rights Commission, ndi laulere, silifuna loya, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi kukhazika mbali ziwirizo pansi kuti zikambirane. Simufunika kukhala nzika kuti mudandaule.

Lamulo la mabanja la 1975 nalo limadabwitsa ambiri. Kuti ukwati uthe, khoti silifunsa kuti wolakwa ndani. Limangofuna umboni woti mwasiyana kwa miyezi 12. Ankhoswe angakuthandizeni kugwirizana, ndipo ntchito yawo ndi yamtengo wapatali, koma za ana ndi katundu mawu omaliza ndi a lamulo, limene limayang'ana ubwino wa mwana poyamba. Kwa mayi kapena bambo amene akuchitiridwa nkhanza n'kumaopsezedwa kuti "ndikubweza kumudzi", pali nambala ya 1800 737 732 yotsegula usana ndi usiku, ndipo malamulo a viza ya ukwati ali ndi njira yoteteza wochitiridwa nkhanza. Ofesi za Legal Aid, zimene boma la Whitlam linazipatsa mphamvu mu 1973, zimapereka uphungu woyamba kwaulere.

Sukulu yaukachenjede yaulere imene anaiyambitsa mu 1974 musaiyembekezere. Inatha mu 1989, ndipo ngongole ya boma ya maphunziro imene inalowa m'malo mwake kwenikweni ndi ya nzika. Muziwerengera zimenezi pokonza tsogolo la ana.

Sindikunena kuti anali mngelo. Mitengo ya zinthu inakwera kwambiri mu nthawi yake, nduna zake zinakodwa pa nkhani yofuna ngongole zakunja mwa njira zokayikitsa, anachepetsa chiwerengero cha olowa m'dziko, ndipo mu 1975 sanafune kulandira ambiri othawa nkhondo ku Vietnam. Amene anawatsegulira khomo ndi Fraser, mdani wake. Koma ndi Whitlam yemweyo amene mu August 1975 anathira dothi m'manja mwa Vincent Lingiari, mkulu wa anthu a mtundu wa Gurindji, amene ndi ena mwa eni nthaka a dzikoli, powabwezera malo a makolo awo.

Kuchoka kwake ndi phunziro la mmene boma la kuno limayendera. Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, inakana kuvomereza ndalama zoyendetsera boma, ndipo Sir John Kerr, woimira Mfumukazi, anamuchotsa n'kuika Fraser. Pa chisankho cha mu December Labor inagonja koopsa. Whitlam anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 98. Kwathu pulezidenti ndi mutu wa dziko komanso wa boma. Kuno ndi maudindo osiyana, ndipo zimenezi zimafunsidwa pa mayeso a unzika.

Kuti mufike pa mayesowo muyenera kukhala m'dziko movomerezeka zaka zinayi, miyezi 12 yomaliza muli ndi chilolezo chokhalitsa. Mafunso ndi 20, mumafunika kukhoza 15, ndipo asanu okhudza makhalidwe a dzikoli muyenera kukhoza onse. Mukalumbira, lembetsani m'kaundula wa ovota. Kuno kuvota ndi lamulo kwa aliyense wa zaka 18, msinkhu umene Whitlam anautsitsa kuchoka pa 21. Chisankho chimachitika Loweruka, ndipo ngati muli pa shifiti tsiku limenelo mutha kuvota masiku angapo lisanafike.