Musanapite ku fildi: mmene mungapangire risechi ya za sukulu yomwe ili ndi mutu

Amene muli chaka chomaliza ku UNIMA, Mzuni, Domasi, Nalikule kaya ku mayunivesite a mipingo aja, ndipo supavaiza wakuuzani kuti mubweretse topiki ya risechi pa nkhani za maphunziro, bwerani tikambirane kaye musanawononge ndalama ya thiransipoti ndi fotokope. Chimene chimandiwawa ine nchoti mapulojekiti ambiri amatuluka ofanana, mutu wake "zomwe zimachititsa atsikana kusiya sukulu m'Malawi", mayankho ake umphawi, mimba, maukwati, basi yatha. Nzoona ndithu, koma izi aliyense akuzidziwa kale, nde mwana amene wasiya kusewera phada kuti ayankhe mafunso anu akuyenera zoposa pamenepo.

Yambani ndi kuchepetsa topiki. Malawi yense simungamufufuze pa semesita imodzi ndi ndalama ya mthumba mwanu, olo mutakhala anzeru bwanji. Tengani zoni imodzi, sukulu ziwiri kapena zitatu, kalasi imodzi, funso limodzi. Ndipo funso lokoma kwambiri limakhala pakati pa zomwe boma linalemba pa pepala ndi zomwe zikuchitikadi m'kalasi. Mwachitsanzo, ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka inayamba mu 1993, nde mmalo mofunsanso chifukwa chake atsikana amasiya sukulu, funsani kuti pa sukulu zitatu za zoni yakwanu, atsikana amene anabwerera ndi angati, anabwerera pa sukulu yomweyo kapena anasintha, mwana amamusiyira ndani, aphunzitsi ndi anzawo amawalandira bwanji, nanga amene sanabwerere anamvapo zoti kuli mwayi umenewu? Funso ngati limeneli mukhoza kuliyankha ndi miyendo yanu, ndipo yankho lake silili pa Google.

Kuti mupeze mipata yotereyi muyenera kudziwa mbiri ya ndondomeko zathu, osati kungoyambira pa zomwe mwawerenga dzulo pa Facebook. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ana anakhamukira ku sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni pa chaka chimodzi, boma nkulemba aphunzitsi ambirimbiri osaphunzitsidwa ntchito, makalasi nkusefukira mpaka pansi pa mitengo. Kuchulukana m'kalasi komwe mukakuone ku fildi kuli ndi mizu pamenepo. Nkhani ya chiyankhulo nayo yayenda mokhotakhota: kuyambira 1968 ana a makalasi oyambirira ankaphunzira m'Chichewa dziko lonse, mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenako kunabwera lamulo la maphunziro la 2013 ndipo mu 2014 kunalengezedwa zoti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito kuyambira Sitandade 1. Tsono mphunzitsi wa Sitandade 2 ku Karonga, ku Mangochi kapena ku Nsanje akuyankhula chani kwenikweni pophunzitsa masamu? Imeneyotu ndi risechi yathunthu. Palinso JCE yomwe inathetsedwa kenako nkubwereranso mu 2021, palinso ma CDSS omwe anachokera ku ma MCDE akale (malo ophunzirira maphunziro a patali aja) kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zonsezi zili ndi mafunso omwe sanayankhidwe mokwanira.

Mukapeza funso, werengani zomwe ena anapeza kale, koma yambani ndi za kuno. Ziwerengero za EMIS, kaundula wa sukulu zonse wa ku unduna wa zamaphunziro, zimakupatsani chithunzi cha ana olembetsa, obwereza kalasi ndi aphunzitsi. Malipoti a SACMEQ amayerekeza ana a Sitandade 6 a maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa pa kuwerenga ndi masamu. Ku Zomba, ku UNIMA, kuli CERT (senta yofufuza za maphunziro) ndi Centre for Social Research, ku Domasi kuli Malawi Institute of Education komwe kumakonzedwa silabasi, ndipo amene mukufuna zakale National Archives ili ku Zomba komweko. Pa intaneti pali Google Scholar ndi AJOL (malo opezerapo zolemba za risechi za mu Africa), bando ikakhalapo dawunilodani zambiri nthawi imodzi muziwerenga pambuyo.

Kafukufuku mmodzi amene ndikufuna aliyense amuwerenge ndi wa ku Zomba wa 2008 ndi 2009, wa Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo, gulu lina linkalandira pokhapokha mtsikana akupita ku sukulu, gulu lina linkalandira popanda lamulo lililonse. Anapeza kuti ndalama ya lamulo ija inasunga atsikana pa sukulu kuposa inzake, koma ndalama yopanda lamulo ndi imene inachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe kenakake mmalo mothamangira banja. Izi anazidziwa chifukwa anatsatiranso atsikana amene anasiya sukulu, sanathere pa amene anawapeza m'kalasi. Inu mulibe ndalama zopangira risechi yaikulu chonchi, koma nzeru imeneyi ndi yaulere: amene kulibe m'kalasi nawonso ndi gawo la nkhani yanu.

Pa zoyerekeza ndi maiko ena, chenjerani. Ma lekichara amakonda kuti muonetse zomwe zikuchitika kunja, nde ambiri amangothamangira Finland, poti ana kumeneko amayamba sukulu ali ndi zaka 7 ndipo amakhoza bwino, basi nkulemba kuti Malawi atengere. Koma kalasi ya ku Finland ndi kalasi ya ana oposa handiredi okhala pansi, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi ana angapo, sizinthu zoti mungaziike pa sikelo imodzi popanda kufotokoza kusiyana kwake. Yerekezani ndi anzathu amene tikufanana nawo mavuto. Uganda inachotsa fizi ku pulaimale mu 1997, Kenya mu 2003, onse anaona kusefukira konga kwathu. Tanzania imaphunzitsa pulaimale ya boma m'Chiswahili kenako sekondale m'Chingerezi, nde ngati topiki yanu ndi ya chiyankhulo muli ndi zambiri zoti muphunzire kumeneko. Ndipo mukamayerekeza musamangofunsa kuti ndani akukhoza, funsani kuti ndondomeko yofananayo inakumana ndi chani itafika kwa makolo, aphunzitsi ndi mafumu a kumeneko.

Tsopano chilolezo. Pulopozo yanu idutse kaye ku komiti yoona za ethics, yomwe imaonetsetsa kuti risechi isapweteke anthu amene mukuwafunsa, ku UNIMA kuli UNIMAREC, ku Mzuni kuli MZUNIREC, ena amadutsira ku komiti ya NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso. Kenako tengani kalata ya ku dipatimenti kwanu mupite nayo ku ofesi ya maphunziro pa boma, kwa a DEM (mkulu wa maphunziro pa bomapo), akupatseni kalata yopita kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulaimale za mu zoni) ku TDC (likulu la aphunzitsi la zoni), a PEA nde akulumikizeni ndi ahedi. Musadumphe sitepe olo ahedi atakhala malume anu. Ngati mukalowe m'midzi kukacheza ndi makolo kapena ana osiya sukulu, kaonekereni kaye kwa amfumu ndi a komiti ya sukulu, mlendo wongotulukira ndi kope m'manja anthu amamukaikira ndipo akulondola kutero. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo kapena womusunga, komanso iye mwini avomere, akakana musiyeni osamunyengerera.

Mafunso anu musakopere kweshoneya ya ku America nkungosintha dzina la dziko. Mufunsa bwanji mwana wa kumudzi kuti amathera maola angati mu laibulale pomwe sukulu yake ilibe ndi kabati ya mabuku yomwe? Lembani anuanu, muwamasulire m'chiyankhulo cha deralo, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilhomwe, Chitonga, chilichonse chomwe ana amasewerera, kenako mupatse mnzanu amene sanaone oyambirira aja awabwezere m'Chingerezi muone ngati tanthauzo silinasochere panjira. Mukatero kayeseni pa sukulu ina yomwe siili mu sampulo yanu, ana asanu kapena khumi akwana, muona nokha mafunso omwe akungoyankhidwa kuti "eya" mwaulemu chabe. Ana athu analeredwa kuti wamkulu satsutsidwa, nde funso loti "kodi aphunzitsi amakuphunzitsani bwino?" yankho lake mukulidziwa kale. Funsani kuti "tandiuza zomwe zinachitika m'kalasi dzulo kuyambira pomwe unafika", muzimva zenizeni, kuti aphunzitsi anabwera nthawi yanji, analemba chani, phala linalipo kapena ayi.

Mukafika pa sukulu, tsiku loyamba musatulutse pepala. Khalani kumbuyo kwa kalasi, onani, mverani. Tsiku limenelo aliyense amakhala pa ulemu ngati kwabwera apongozi, aphunzitsi avala bwino, phunziro lakonzedwa mwapadera, ana achenjezedwa, chifukwa akuganiza kuti mwachokera ku unduna kapena ku bungwe lobweretsa thandizo. Nenani poyera kuti ndinu mwana wa sukulu, simunabwere kudzayendera ntchito ya munthu ndipo simunabweretse kanthu, kenako bweraninso kachiwiri kachitatu mpaka akuzolowereni. Rejisita muione, koma muwerengenso mitu ya ana amene ali m'kalasi tsiku limenelo, Lolemba ndi Lachisanu, mmawa ndi itatha buleki, tsiku la msika ndi tsiku wamba. Manambala akasiyana musathamangire kunena kuti wina akunama, funsani chifukwa chake, pena mphunzitsi mmodzi akusamala makalasi awiri ndipo rejisita amadzaza pa mapeto a sabata.

Nyengo nayo ndi deta. Mukapita mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi ya njala ndi mvula, mupeza ana ambiri ali ku ganyu kapena mtsinje wadzaza sangawoloke. Kumadera a fodya kuli nyengo yake, kunyanja usodzi uli ndi nyengo yake, kwina zinamwali zimagundana ndi kutsegulira kwa teremu. Lembani mu lipoti lanu mwezi umene munapita, musanene za chaka chonse pomwe munaona masabata atatu okha.

Pocheza ndi ana, aphunzitsi asakhalepo, koma khalani poonekera, pansi pa mtengo pabwalo osati m'chipinda chotseka. Atsikana paokha anyamata paokha, ndipo nkhani za kumwezi kapena mimba ndi bwino afunse munthu wamkazi, achimwene pezani mnzanu wamkazi akuthandizeni pamenepo. Amayi a Mother Group musawaiwale, amadziwa mwana aliyense amene wasowa pa sukulu ndi komwe ali, ndipo ndi amene angakufikitseni kwa osiya sukulu aja mwaulemu. Aphunzitsi nawo muwamvere ngati anthu, osati ngati olakwa amene mwabwera kudzawagwira, afunseni za nyumba, mtunda wopita kokalandira malipiro, kuchuluka kwa makope oti achonge.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kukonzekera musananyamuke. Mwana akhoza kukuuzani zoti wina akumuchita nkhanza, kaya kunyumba kaya pa sukulu pomwepo. Zimenezo si zoti mungolemba mu chaputala 4 nkudutsa. Gwirizanani ndi supavaiza wanu pasadakhale kuti zikatero mukanena kuti, ku ofesi ya social welfare pa boma, ku Victim Support Unit ya polisi kapena pa nambala yothandiza ana ya 116, ndipo mwanayo mumuuze poyamba pomwe kuti zomwe mukambirane ndi zachinsinsi kupatula ngati moyo wake uli pa chiopsezo. Maina enieni a ana, aphunzitsi ngakhale sukulu musalembe, ikani Sukulu A, Sukulu B, ndipo samalani ndi mafotokozedwe, mukalemba kuti "mphunzitsi wamkazi yekhayo wa Sitandade 8" mwamutchula kale. Zithunzi za ana pa sitetasi ya WhatsApp ayi ndithu.

Madzulo aliwonse lembani zomwe mwaona tsiku lomwelo musanagone, mawa zimakhala zitasakanikirana. Ngati mwarekoda pa foni, mutapempha kaye, sungani kope ina pa imelo kapena pa fulashi poti foni imabedwa, imagwera m'madzi. Ma intavyu alembeni m'chiyankhulo chomwe munthu anayankhula kenako muzimasulira, ndipo nthawi yake ikonzereni yambiri chifukwa kulemba intavyu ya ola limodzi kumadya maola angapo. Manambala ochepa Excel ikwana, simukufunika kulimbana ndi SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira ziwerengero, pa anthu 40, komanso pa anthu ochepa chonchi nenani kuti 12 mwa 40 mmalo mobisala kuseri kwa maperesenti.

Polemba, siyanitsani zomwe munaona ndi maso, zomwe munauzidwa, ndi zomwe inu mukuganiza. Zomwe zatsutsana ndi maganizo anu oyamba zisiyeni momwemo, nthawi zambiri ndi pomwe pali nkhani. Malangizo anu akhale a msinkhu wa zomwe mwapeza, sukulu zitatu sizingakuuzeni kuti boma lisinthe silabasi dziko lonse, koma zingakuuzeni zomwe a PEA, ahedi ndi komiti angachite teremu ikubwerayi. Mukamaliza difensi, lembani masamba awiri m'chiyankhulo cha deralo ofotokoza zomwe munapeza, mukasiye kwa ahedi, kwa a komiti ndi ku TDC, ndipo ndalama ya ulendo umenewu muiike mu bajeti kuyambira pa pulopozo pomwe.