Mwangobzala kapinga? Musathamangire mankhwala, yambani mwazulira

Mvula ikakhazikika mu Disembala, funso limene ndimalandira kwambiri kwa anthu amene angolowa m'nyumba zatsopano ku Area 49, Area 25 ndi madera ena a mu Lilongwe muno ndi limodzi: "Alangizi, kapinga ndabzala masabata atatu apitawa, koma pabwalo pamera chisoso ndi bonongwe yekhayekha. Ndipopere mankhwala anji?" Yankho langa ambiri salikonda. Musapopere kaye. Kapinga wa msinkhu umenewo ali ngati khanda, mizu yake sinagwire, ndipo mankhwala amene angaphe chisoso angathenso kumuwotcha iye. Miyezi iwiri yoyambirira ntchito yake ndi ya manja.

Tiyambe ndi kumene udzuwu umachokera, chifukwa ambiri timachita kuugula ndi ndalama zathu. Pamalo pamene amisiri angochokapo pamakhala katondo wouma gwa, zidutswa za njerwa ndi simenti, choncho mwini nyumba amaitanitsa lole ya dothi lakuda. Dothi limeneli nthawi zambiri limakumbidwa kudambo kapena m'munda wakale, ndipo limabwera ndi njere za udzu uliwonse umene unkamera kumeneko. Manyowa a m'khola la ng'ombe osawolerana amawonjezera zina, popeza njere zambiri zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo. Ngakhale kapinga amene mwagula m'mbali mwa msewu amabwera ndi alendo ake m'mizu. Mukathirira, zonsezi zimadzuka pamodzi, ndipo udzu wachabe umakula msanga kuposa kapinga amene akuchira bala la kuzulidwa.

Kwa amene simunabzale, mwayi ulipo. Salazani malo, thirirani ngati kuti mwabzala kale, kenaka dikirani masabata awiri. Pabwalo padzabiriwira ndi timaudzu tating'ono. Tipalireni mopepuka dzuwa likuswa mtengo, khasu lisalowe pansi kwambiri, chifukwa mukatembenuza dothi mukweza njere zina zimene zinali mtulo. Mukatero kawiri, mwachepetsa ntchito ya miyezi ingapo. Mvula yoyamba ya mu Novembala imathandiza pa zimenezi osawononga madzi a pampopi. Pobzala musaumire mbewu. Ikani zidutswa za kapinga motalikirana masentimita 15 mpaka 20, kuti azikumana msanga. Udzu wachabe umamera pamene pali dothi losaphimbika, ndiye mpata uliwonse umene mwasiya ndi malo amene mwaupatsa.

Kwa amene mwabzala kale, zulirani kamodzi pa sabata osaphonya, m'mawa mvula itagwa usiku kapena mutathirira, dothi lili lofewa. Chisoso, bonongwe ndi mwamuna aligone savuta, amazuka ndi mizu yomwe. Chachikulu n'kuwapeza asanachite maluwa. Chisoso chimodzi chikafika potulutsa tinjere takuda tija tomata pa thalauza ndi pa ubweya wa galu, mwabzala chisoso cha chaka chamawa. Dzanja limodzi lizipanikiza kapinga pamene linalo likuzula, ndipo pamene pafukuka mupondepo ndi phazi. Bola ngati simunapoperepo mankhwala, zimene mwazulazo ndi ndiwo zabwino ndithu, musazitaye kudzala. Khovani yekha musamusiye pabwalo mutazula. Kachidutswa kake kalikonse kokhala ndi mfundo kamagwiranso kakangogunda dothi lonyowa, ndiye mumutole mu chidebe, akaume pa simenti.

Mdani weniweni wa kapinga ndi dawe. Poyamba amaoneka ngati kapinga yemwe, moti anthu ambiri amamusiya. Kuti mumuzindikire, thyolani phesi lake mulizunguze pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mudzamva ngodya zitatu. Masamba ake ndi onyezimira, oimirira, ndipo mukatchetcha lero, pakatha masiku atatu iye watalika kale kuposa anzake onse. Mphamvu yake ili pansi. Kumbani pang'ono ndi mpeni wakale mudzapeza timbatata tating'ono tolimba ngati nzama, tolumikizidwa ndi timizu tonga ulusi. Mukakoka masamba, ulusi uja umaduka, timbatata timatsala, ndipo pamene panali dawe mmodzi pamatuluka awiri kapena atatu. Choncho dawe sakokedwa, amakumbidwa. Lowetsani mpeni kapena kachitsulo mozama ngati chikhatho chanu, nyamulani dothi lonse, lifufuzeni ndi zala mpaka mutapeza timbatatato. Ndi ntchito yotopetsa msana, koma kuchita zimenezi dawe ali ndi masamba atatu kapena anayi kumamufooketsa, chifukwa amakhala asanayambe kusunga chakudya chatsopano pansi. Onaninso malo amene wachulukira. Nthawi zambiri ndi pamene madzi amadikha, pansi pa mpopi wodontha kapena pamene madzi a padenga amagwera. Konzani pamenepo, apo ayi mudzakumba chaka ndi chaka.

Kathiriridwe nakonso kamasankha wopambana. Masabata awiri oyamba thirirani tsiku lililonse ngati mvula yadula. Kapinga akagwira, ndiko kuti mukamukoka pang'ono akukana, sinthani: thirirani kawiri pa sabata koma madzi okwanira kulowa pansi. Kuwaza timadzi pamwamba madzulo aliwonse kumangomeretsa njere za udzu zimene zili pamwambapo, pamene mizu ya kapinga imakhala yosazama.

Pa kutchetcha ndi pamene timalakwitsa kwambiri. Anyamata athu a chikwakwa amakonda kumeta mpala kuti bwana aone kuti ntchito yagwirika, mpaka dothi kuonekera. Dzuwa likafika pa dothi, njere zimamera. Auzeni asiye kapinga wotalika masentimita pafupifupi 5, ndipo pa ulendo umodzi asachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Kutchetcha pafupipafupi motere kumachititsa kapinga kuyanga cham'mbali, ndipo udzu woimirira ngati chisoso umatha wokha chifukwa umadulidwa mutu nthawi zonse. Feteleza wa CAN kapena Urea muthire pang'ono pokhapokha mutazulira, kapinga atagwira, kenaka thirirani kuti asawotche masamba. Kuno ku Lilongwe ambiri amathiranso zotsalira za fodya za ku mafakitale a ku Kanengo. Fungo lake limavuta masiku angapo, koma sizibweretsa njere za udzu ngati manyowa a m'khola.

Tsono za mankhwala. Ndinaitanidwa pakhomo pena pamene mayi wina anapatsa wantchito wake mankhwala otsala kumunda wa chimanga kuti aphe udzu wa mu kapinga. Anali glyphosate, amene ambiri timamudziwa ndi dzina la Roundup. Patatha masiku khumi bwalo lonse linali lofiira ngati lapsa ndi moto, ndipo mayiwo anali atagwira njakata, ndalama ya kapinga ndi ya madzi itapita. Glyphosate sasankha, amapha chobiriwira chilichonse chimene wagwera. Malo ake ndi musanabzale. Mankhwala a 2,4-D amapha udzu wa masamba otambalala n'kusiya wa mtundu wa kapinga, koma dikirani kufikira mutatchetcha katatu, ndipo ngati munabzala kapinga wotchedwa Buffalo muyambe mwayesa pakona, chifukwa mtundu umenewu umapsa nawo msanga. Poperani m'mawa kulibe mphepo. Kautsi kake kakaulukira pa tomato, mpiru, mapapaya kapena maluwa a oyandikana nawo, masamba amapiringizika osachiranso. Valani magolovesi ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, ana ndi nkhuku asapondepo mpaka pataumiratu. Gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro chake, ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, osati ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina pamsika, ndipo muyezo utsatire zimene zalembedwa pa botolo. Dziwaninso kuti 2,4-D amangowaula masamba a dawe, timbatata take tili phee pansi.

Ngati pali chigawo chimene dawe wagonjetseratu kapinga, musalimbane nacho m'dzinja. Dikirani chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Lekani kuthirira pamenepo, galauzani ndi khasu, tolani timbatata timene mukutiona, totsala tiume ndi dzuwa pamwamba pa dothi. Bwerezani pakatha masabata awiri, kenaka dulani zidutswa pa kapinga wanu amene wayanga bwino m'mbali mwa mpanda, mubzalepo mothithikana mvula ikayamba.